Kodi ndilipirire mwana wanga maphunziro a kompyuta?

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa ana anayi ndipo ndimagulitsa zitenje ndi nsapato mumsika wa Taifa muno mu Mzuzu. Mwana wanga woyamba walemba mayeso a Folomu 4 ndipo akundiumiriza kuti ndimulipirire maphunziro a kompyuta komanso ndimugulire laputopu. Ine ndikuona ngati zimenezi n'za maiko olemera, pakuti kwathu ku Chibavi magetsi amazimazima, mabandulo a intaneti ndi okwera mtengo, ndipo ndikudziwa anyamata angapo omwe ali ndi masatifiketi a kompyuta koma akutchova kabaza. Kodi sinditaya ndalama zanga pachabe?
Bambo wa ku Chibavi

YANKHO: Bambo, zomwe mwatchulazi n'zoona ndipo sitingazichepetse. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndi omwe ankaunikira ndi magetsi. Intaneti nayo imatifika movutikira chifukwa dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere, kotero kuti timadalira zingwe zodutsa mu Tanzania ndi Mozambique, ndipo mtengo wa njira yonseyo umadzathera pa bandulo yomwe inu mumagula.

Koma pa mfundo yoti zimenezi n'za maiko olemera, mutilole tisiyane nanu maganizo, ndipo umboni wathu uli pabenchi panu pomwepo. Mayi akasankha chitenje n'kufunsa kuti, "Nditumize pa nambala iti?" inu simupinda nsaluyo kufikira foni italira ndipo mwawerenga uthenga wotsimikiza kuti ndalama yalowa. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndipo lero ngakhale agogo a ku Ekwendeni amalandira ndalama ya feteleza kuchokera kwa mdzukulu wawo popanda wina kukwera minibasi. Amalonda anzanu omwe amakaoda katundu ku Kyela, m'dziko la Tanzania, amayamba aona zithunzi zake pa WhatsApp asanaononge ndalama ya ulendo wa kuchipata cha Songwe. Mayunitsi a ESCOM mumagula pafoni. Chiphaso cha unzika chomwe tinalembetsa mu 2017 ndicho chimafunika polembetsa simukhadi, ndipo Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chimapereka uphungu wa zaumoyo kwa mayi amene ali kutali ndi chipatala. Luso limeneli silinatipeze kudzera pa desiki la muofesi monga linachitira kwa azungu, koma linalowera m'thumba, pa kafoni ka mabatani, ndipo chilichonse mwa zinthu zimenezi chimafuna munthu wochikonza chikaonongeka, wochiteteza kwa akuba ndi wophunzitsa ena kuchigwiritsa ntchito.

Za anyamata a kabaza aja, mukawafunse chomwe anaphunzira. Kawirikawiri mudzapeza kuti anakhala miyezi itatu m'kachipinda ka makompyuta asanu, ophunzira makumi awiri akulandirana, n'kutuluka akudziwa kutaipa kalata basi. Satifiketi yotereyi, kunena mosapsatira, siigulitsa munthu masiku ano pomwe mwana wa pulayimale amataipa pafoni mofulumira kuposa ife akuluakulu. Choncho funso loyenera kufunsa mwana wanu ndi lakuti akadzamaliza maphunzirowo adzatha kuchita chiyani chimene munthu wa mu Mzuzu angalolere kulipira: kukonza mafoni ndi makompyuta, kulumikiza makompyuta a pasukulu kapena pachipatala, kusunga mabuku a ndalama a kopaletivi ya alimi a khofi, kapena kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Ngati zotsatira za MSCE zidzatuluke bwino, yunivesite ya Mzuzu, yomwe ili ku Luwinga ndipo inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, imaphunzitsa za ICT (luso la makompyuta ndi intaneti) mpaka digiri, ndipo kalata yofunsira malo imadzera ku bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE. Ngati sizidzatero, sukulu za ntchito zamanja zilipo, koma musanapereke tambala iliyonse mukaone nokha ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi TEVETA (bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja) kapena NCHE, muwerenge makompyuta omwe akuyaka, ndipo mufunse chomwe amachita magetsi akazima.

Laputopu ija iyambe yadikira. Mupatseni kaye mnyamatayo kope lanu la ngongole ndi la katundu, lija la masamba opindika m'makona, kuti kwa mwezi umodzi azilemba zonse pafoni: mapisi a zitenje omwe alowa, omwe atuluka, amene anatenga pangongole ndi tsiku lomwe analonjeza kubweza. Mumuuzenso kuti akuphunzitseni kuzindikira mauthenga a akathyali, aja amati "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", omwe alira nawo amalonda ambiri ngakhale lamulo lolanga umbava wotere lilipo kuyambira mu 2016. Pakutha pa mweziwo, ngati angathe kukuuzani mtundu wa chitenje womwe ukukugonerani pashelefu ndi ndalama zomwe zili m'manja mwa angongole, mudzamugulire laputopuyo, ngakhale yogwirapo kale ntchito. Pogula, muichotse kumagetsi muli m'sitolo momwemo ndipo muone kuti batire yake ikhala nthawi yaitali bwanji isanazime.