Tikufuna kukayenda m'tchire ndi ana, tiyambire kuti?

FUNSO: Tili ndi ana atatu, wa zaka 5, wa zaka 9 ndi wa zaka 13. Patchuthi chikubwerachi tikufuna tikayende wapansi m'nkhalango ya Nkhotakota, kenako ana akasambe kunyanja. Kodi n'zotheka, nanga tinyamule chiyani? — Mayi wa ana atatu, Salima

YANKHO: Mayi, ulendowo ngwabwino, koma musayambire ku Nkhotakota. Nkhalango imeneyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mumayendedwa wapansi ndithu, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Bua, koma ndi mlonda wa nyama patsogolo. Njovu ikatulukira, mlonda amafuna aliyense aime chilili, osalankhula. Mwana wa zaka 5 angathe zimenezo? Kumeneko kaoneni nyama muli m'galimoto, ndipo ngati wamkuluyo akufunitsitsa kuyenda, funsani kaye kuofesi zaka zimene amalola.

Yambirani kwanu komweko. Kumalo osungirako nyama otchedwa Kuti, kufupi ndi tauni ya Salima, kulibe mikango kapena njovu, malo ake ndi achidikha, ndipo mbidzi mumaziona mukuyenda. Miyendo ikazolowera, kakwereni phiri la Senga ku Senga Bay, koma pezani munthu wa komweko wokutsogolerani chifukwa tinjira ta otola nkhuni timasocheretsa.

Chimene chimaononga maulendo otere ndi kunyamuka mochedwa. Kunyanja si ku Dedza, kumatentha msanga. Yambani kuyenda 6 koloko m'mawa, ikamakwana 10 koloko mukhale mwabwerako, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kukamaomba mwera. Ulendo woyamba usapitirire makilomita 3 kapena 4 kupita ndi kubwerera, ndipo wamng'onoyo ndiye aziyenda patsogolo pa anzake kuti liwiro likhale lake. Bwererani ana asanatope, chifukwa potsetsereka m'pamene anthu amagwa: mawondo amakhala atafooka, timiyala tikuterera.

Madzi: malita 2 munthu wamkulu, lita imodzi mwana aliyense pa ulendo wa maola atatu. Muziwamwetsa pakatha mphindi 20 zilizonse, osadikira kuti anene ludzu. Mwana akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena akangoti zii, mukhazikeni pamthunzi, mumunyowetse mutu ndi khosi, ndipo mumwetse Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino. Kamba wake akhale nthochi, mtedza wokazinga ndi mbatata yophika, zili m'chikwama chotseka. Anyani akaona jumbo m'manja mwa mwana amadzalanda.

Nsapato zikhale zotseka ndiponso zakale, zatsopano zimatupitsa matuza. Masilipasi ayi. Avale mathalauza, chifukwa m'chilimwe chitedze chimakhala chitauma ndipo ubweya wake ukagwera pakhungu, kukanda kumangouloweza. Tsiku la ku Nkhotakota pewani zovala zakuda ndi zabuluu: mitundu imeneyi imakopa kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera. Wina akalumidwa ndi njoka musamange chingwe, musatemere, musayamwe. Asayende, munyamuleni kupita naye kuchipatala.

Za kusamba zija, sankhani gombe la mchenga loyera, pamene mafunde amamenya. Pamabango, pamatsiriro a mtsinje ndi pamadzi odikha ndi pamene pamapezeka kwambiri nkhono zofalitsa likodzo, komanso ng'ona ndi mvuu. Chisisira chikagwa, onse atuluke m'madzi. Masiku a mwera mafunde amakula msanga, choncho ana asapitirire madzi ofika m'chiuno, ndipo wamkulu mmodzi aime m'madzi momwemo, osati pamkeka ndi foni.

Ambiri amathamangira kumwa mankhwala a likodzo tsiku lomwe achoka kunyanja. N'kungotaya mankhwala, chifukwa mankhwalawa, otchedwa praziquantel, amapha nyongolotsi zokhwima zokha. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako mupite nawo kuchipatala, kumene mlingo wake amaupereka molingana ndi kulemera kwa mwana. Koma mukaona magazi mumkodzo kapena mwana akatentha thupi, musawerengenso masabata.