Musanalembe kalata yosiya ntchito chifukwa cha chipongwe cha bwana

Mayi, mwalemba kuti bwana wanu amakutchulani "mbuzi" ndi "chitsiru" pamaso pa anzanu, ndipo mutadandaula kwa a HR (ofesi yoona za antchito pa kampani) anangoti "ndi mmene alili, muzolowereni". Amalume anu akuti mungolemba kalata yothokoza kampani, munene kuti mukusiya pa zifukwa zanu, kuti musawononge mbiri. Mukufunsa ngati mungasume mutachoka.

Kalata ya amalumeyo musalembe. Ndaona milandu yooneka yolimba ikufera pa kapepala kotereka.

Lamulo la ntchito m'Malawi, Employment Act ya 2000, pa gawo 60 limalola wantchito kusiya ntchito ngakhale popanda notisi ngati khalidwe la wolemba ntchito lafika poti munthu sangayembekezeredwe kupitiriza. Kusiya kotereku lamulo limakuona ngati mwachotsedwa. Koma gawo 61 likuti pa mlandu wotere ndinu amene muyenera kuonetsa chimene chinakuchititsani kuchoka. Pa kuchotsedwa wamba udindo wofotokoza chifukwa umakhala wa kampani, apa ayi, umagwera inu.

Ndiye taganizirani zomwe zidzachitike ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito. Loya wa kampani adzatulutsa kalata yanu ija, aiwerenge mokweza: "Ndikuthokoza chifukwa cha mgwirizano wabwino womwe tinali nawo." Kenako adzakufunsani kuti mbuzi ija yalembedwa pati. Mudzati munauza a HR. Adzati munawauza liti, pepala lake lili kuti? A HR omwe anakuuzani kuti muzolowere aja, tsiku limenelo sadzakumbuka n'komwe kuti munalowapo mu ofesi mwawo. Zimanditopetsa kuti anthu olembedwa ntchito yomva madandaulo ndi amene amathamangira kuwakwirira, koma zimachitika, ndipo khoti limagwira zimene lingathe kuona.

Amalume akuganiza kuti kalata yaulemu ndi yosanena kanthu, pomwe mungathe kulemba mwaulemu n'kutchula zonse. Lembani dandaulo kwa a HR kapena kwa woyang'anira bwana wanuyo. Tchulani tsiku, malo, mawu enieni amene analankhula, ndi omwe analipo. Osamutcha mfiti kapena wankhanza, ingolembani zimene ananena. Mumalize ndi chimene mukupempha, mwachitsanzo: "Ngati ndalakwitsa ntchito, andiuze pomwe ndalakwitsa tili awiri, ndikonze. Mayina achipongwe ndikupempha kuti athe." Kalata yotere imapatsa bwanayo mpata wosintha kalankhulidwe, ndipo ena amasinthadi akaona kuti nkhani yalembedwa. Akapanda kusintha, inu mwapeza umboni. Sungani kope losainidwa kuti alandira, kapena tumizani pa imelo.

Sindingakulonjezeni kuti mudzapambana. Mawu amodzi olankhulidwa tsiku limodzi bwana atapsa mtima kawirikawiri sakwanira. Khoti limaona kukula kwa chipongwecho, ngati chimabwerezedwa, ngati kampani inauzidwa, ndi zomwe inachita itauzidwa. Mukakhalanso nthawi yaitali osadandaula, akhoza kunena kuti zinthu sizinali zoipa chonchi.

Zina mwachidule. Akakutukwanani musabwezere, kaya pakamwa kaya pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Mukatero mwawapatsa chifukwa chokuimbirani mlandu wa mwano, ndipo gawo 63 limalola khoti kuganizira mbali yomwe inu munachititsa poyeza chipukuta misozi. Akakuitanani ku mlandu wa kuntchito pitani, chifukwa gawo 57 likukupatsani ufulu wodziteteza musanachotsedwe. Ngati muli mu bungwe la apantchito, auzeni tsopano. Ngati chipongwecho chikukhudza thupi lanu kapena zogonana, imeneyo ndi nkhani ina, ikugwera pa Gender Equality Act ya 2013, ndipo muilembe padera.

Mukafika posiyadi, kalata yanu inene mosabisa kuti mukuchoka chifukwa cha khalidwe la bwana, itchule tsiku lomwe munadandaula ndi kuti palibe chomwe chinasintha. Kenako pitani ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu pasanathe miyezi itatu, monga likunenera gawo 62. Akalephera kukuyanjanitsani pakatha mwezi, nkhani ikhoza kupita kukhoti. Musadikire kuti a ofesiyo akuimbireni foni, muzipitako nokha kukafunsa, mutanyamula makope a makalata onse.