Kodi swing inayamba ndi azungu, nanga inadzuka bwanji?

Bambo wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Akuti anaona kanema wa achinyamata a ku Ulaya akuvina awiriawiri, mnyamata akuponya mtsikana m'mwamba, kumbuyo kwawo kuli gulu lalikulu la oimba malipenga. Funso lawo ndi lakuti: kodi nyimbo zimenezi, zotchedwa swing, anaziyambitsa ndi azungu, popeza amene ankatchedwa mfumu yake anali mzungu? Nanga zinabwerera bwanji zitazimiririka kwa zaka zambiri?

Zikomo kwambiri, bambo. Mfumu imene mukunenayo ndi Benny Goodman, katswiri weniweni wa chitoliro cha kilaneti, koma iye anapeza moto utayaka kale.

Nyimbo za jazi zinabadwira pakati pa anthu akuda a mumzinda wa New Orleans ku America, m'timagulu ta anthu asanu kapena asanu ndi awiri, momwe aliyense ankaliza chida chake monga mtima wamuuzira. Zitafika ku New York zinapeza maholo ovinira akuluakulu, ndipo pankafunika oimba ambiri kuti mawu amveke mpaka kukhomo. Koma anthu 15 sangaimbe aliyense zake popanda chisokonezo. Fletcher Henderson ndi mnzake Don Redman, onse akuda, ndi amene anakhazikitsa njira yake m'ma 1920. Anagawa gulu patatu, malipenga paokha, masakisofoni paokha, kenaka piyano, besi, ng'oma ndi banjo, yomwe pambuyo pake inalowedwa m'malo ndi gitala, ndipo anayamba kulemba nyimbo mwakuti mbali ina ikuyambitsa, ina n'kumavomera. Aliyense amene anaimapo m'bwalo la gule akudziwa kukoma kwa kuyambitsa ndi kuvomera kumeneku. Mu 1924 Louis Armstrong analowa m'gulu la Henderson, nakhalamo pafupifupi chaka chimodzi chokha, koma kuyambira pamenepo gulu lonse linayamba kunyamula nyimbo mopepuka monga ankachitira iye.

Malo amene ine ndimaona kuti ndi kwawo kwenikweni kwa swing ndi holo ya Savoy, yomwe inatsegulidwa mu 1926 ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York. Ku Cotton Club, komwe Duke Ellington ankaimba kuyambira 1927, oimba anali akuda koma odzaonera anali azungu. Ku Savoy akuda ndi azungu ankavina pamodzi, ndipo gule wa Lindy Hop amene munamuona m'kanemamo anakulira kumeneko. Woimba ng'oma Chick Webb ankaimba maso ali pa mapazi a ovina, ovinawo makutu ali kwa iye. Kuponyana m'mwamba kuja anakuyambitsa ndi mnyamata wina wa pa Savoy, Frankie Manning, cha m'ma 1935. Musaiwale dzina limeneli.

Goodman anagula nyimbo zolembedwa ndi Henderson n'kumaziimba pa wailesi, ndipo pa 21 Ogasiti 1935, mu holo ya Palomar ku Los Angeles, achinyamata anazilandira ndi chimwemwe chachikulu moti ambiri amati nyengo ya swing inayamba usiku umenewo. Kunena zoona, usikuwo ndi umene azungu ambiri a ku America anayamba kuvina zimene anthu a ku Harlem anali atavina kale kwa zaka zingapo. Komabe Goodman ulemu wake timupatse, chifukwa anaimba poyera ndi akuda, Teddy Wilson ndi Lionel Hampton, pa nthawi imene tsankho linali lolimba.

Chinagwetsa magulu amenewa makamaka ndi ndalama. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatenga oimba ambiri, mafuta ndi matayala a mabasi oyendera zinasowa, ndipo mu 1942 bungwe la oliza zida linaletsa mamembala ake kujambula nyimbo, mkangano umene makampani akuluakulu anauthetsa mu 1944. Oimba ndi pakamwa sanali m'bungwelo, choncho anapitiriza kujambula ndi kutchuka. M'chaka cha 1944 boma linaikanso msonkho wa 30 peresenti pa malo azisangalalo ovinira, ndipo ngakhale unatsitsidwa kufika pa 20 peresenti, eni malo ambiri anangoletsa kuvina. Pomatha 1946 magulu angapo otchuka anali atabalalika, ndipo mu 1958 Savoy inatsekedwa.

Sikuti zonse zinafa. Ellington ndi Count Basie anasunga magulu awo mpaka imfa, ndipo gulu limene Thad Jones ndi Mel Lewis anayambitsa likuimbabe Lolemba usiku ku Village Vanguard, malo omvera jazi a ku New York, kuyambira mu 1966. Koma kumeneko anthu amamvera atakhala pansi.

Kudzuka kumene mukufunsaku kunayambira kwa ovina. M'ma 1980 achinyamata a ku Sweden, Britain ndi America komweko ankaonera mafilimu akale mobwerezabwereza pofuna kuphunzira masitepe, ndipo ataona kuti filimu sikwanira, anayamba kufunafuna ovina akale amene anali moyo. Manning anamupeza atagwira ntchito ku positi ofesi zaka pafupifupi 30, anthu atamuiwala. Nkhani imeneyi imandikhudza mtima nthawi zonse ndikaikumbukira. Anavomera kuphunzitsa, ndipo ankapita chaka ndi chaka ku Herräng, mudzi waung'ono wa ku Sweden komwe anthu a m'mayiko ambiri amasonkhana kudzavina.

M'ma 1990 magulu monga Big Bad Voodoo Daddy ndi Brian Setzer Orchestra anatchuka pa wailesi ndi pa TV, makamaka mu 1998. Kwa ine nyimbo zawo zinali pafupi ndi rock kusiyana ndi za Henderson, ndipo kutchukako sikunakhalitse. Chimene chinakhalitsa ndi sukulu zovinira, zomwe lero zafika mpaka ku Seoul, ndipo ovina ake amafuna gulu lenileni la oimba, monga lija munaliona kumbuyo kwa achinyamatawo. Manning anaphunzitsabe mpaka chakumapeto kwa moyo wake, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 94.