Masabata 11 chipangireni opareshoni ya chiuno koma ndikutsimphinabe, kodi yalephereka?

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi wa ku pulayimale wa zaka 52, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera bola ndisatchule dzina. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Anandipanga opareshoni yoika chitsulo m'chiuno, akuti mutu wa fupa la ntchafu unali utafa. Ndinavutika nawo mwendowu zaka zisanu ndisanapangidwe. Pano akwana masabata 11 koma ndikuyendabe ndi ndodo, ndikaisiya ndimapendekekera mbali imodzi, madzulo mwendo umatupa ndipo ndimatopa olo kungosamba kokha. Kuchipatala anati ekisire ili bwinobwino. Apongozi anga akuti kwawo kuli bambo wina anapangidwa yomweyi, pa masabata atatu anali akupalasa njinga, ndiye ayamba kumanena kuti ndikudzinyenyeka. Tinagulitsa puloti kuti ndalama zikwane. Usiku ndimalira. Kodi yalephereka?"

Pepani kwambiri amayi, ndipo ndiyambe ndi yankho kuti mtima ukhale pansi. Pa zomwe mwalembazi palibe chomwe chikuonetsa kuti opareshoni yalephereka. Ekisire ili bwino, mukuyenda, simunatchule kutentha thupi kapena mafinya pabala. Ndodo pa sabata ya 11, kutupa kwa madzulo, kutopa, zonsezi ndi za munthu amene akuchira basi.

Vuto ndi loti opareshoni imeneyi imatinamiza. Ku fiyeta mumakhalako maola awiri osakwana kapena kupitirira pang'ono, mawa lake a fizo akubwera kale kudzakudzutsani kuti muime ndi chogwirira chija, masitichi akuchotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, bala lauma, ndiye aliyense kuyambira inu mwini amaona ngati nkhani yatha. Chomwe adokotala anasintha ndi polumikizira pokha, anadula mutu wa fupa wakufa uja, anakhoma chitsulo mkati mwa fupa la ntchafu, pamwamba pake kampira, ndipo m'chiunomo anaikamo kambale koti kampirako kazizungulira. Minofu sanakuikireni yatsopano ayi. Ndi yomwe ija imene yakhala zaka zisanu ikugwira ntchito mwatheka chifukwa mumaopa kupondera mwendowo, ndipo pamwamba pa kufooka kumeneko anaicheka kapena kuikankhira pambali kuti afike pafupa. Zili ngati mwaika mateyala atsopano pa ngolo koma ng'ombe zokoka ndi zija zatuluka kumene m'chilimwe chanjala, ngoloyo siingathamange mpaka ng'ombezo zitadya.

Kupendekeka mukunenako kumachokera pa minofu ya m'mbali mwa thako. Ntchito yake ndi kugwira chiuno kuti chikhale chowongoka nthawi imene mwaima ndi mwendo umodzi, ndipo poyenda sitepe iliyonse munthu umaima ndi mwendo umodzi kwa kanthawi ngakhale sitizindikira. Minofu imeneyi ikafooka chiuno chimagwera mbali inayo ndiye thupi limadziponyera mbali ya opareshoni kuti musagwe. Ndi minofu yochedwa kubwerera kwambiri. Madokotala a mafupa amanena kuti pa masabata 6 mpaka 12 munthu amayamba tintchito tapakhomo, koma mphamvu zenizeni zimapitiriza kubwera mpaka chaka chathunthu. Inu muli pa kota chabe ya ulendowo.

Za bambo a njinga aja ine sindikutsutsa kuti alipo, anthu amasiyana, wina amapita ku fiyeta minofu yake ikadali yolimba wina amapita atakwawa kale zaka. Komanso nkhani zikamadutsa pakamwa pa anthu atatu miyezi itatu imasanduka masabata atatu, timadziwana. Kuno kwathu ambiri timachedwa kupangidwa chifukwa cha ndalama ndi mizere. Kaundula wa maopareshoni amenewa amene anayambika m'Malawi muno mu 2005, pomwe ambiri ankapangidwira ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, anaonetsa kuti matenda anu omwewo, kufa kwa mutu wa fupa chifukwa magazi asiya kufikako, ndi amene amatsogola, ndipo odwala ake amakhala ocheperako zaka kusiyana ndi a ku Ulaya komwe ambiri ndi nkhalamba za nyamakazi. Kufa kwa mutu wa fupaku kumabwera ndi matenda a magazi a siko selo, mankhwala a ma steroid omwa nthawi yaitali, mowa wambiri, HIV, kuthyoka kwakale, pena popanda chifukwa chooneka. Ndiye simuli nokha, komanso musamadziyerekeze ndi azungu a pa YouTube amene akuvina pa tsiku la khumi, amene akuvutika sajambula mavidiyo.

Tsopano pali zinthu zomwe sizodikira ndipo izi muziwerenge kawiri. Katumba ka mwendo kakatupa, kulimba, kutentha ndi kupweteka mukakagwira, kutupa kosaphwa olo mwagona usiku wonse, akhoza kukhala magazi aundana mumtsempha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo wina asakusisiteni pamenepo. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kubaya pachifuwa, imeneyo ndi ya pompopompo, galimoto ipezeke olo pakati pausiku. Kutentha thupi, bala kufiira, kutuluka madzi kapena mafinya, ululu umene m'malo mochepa ukukula sabata ndi sabata, apa timaopa kuti tizilombo talowa pachitsulo, ndipo chonde musangothamangira kukagula LA kapena amokisilini ku famase poganiza kuti ndi malungo, kayezetseni malungowo inde koma adokotala a mafupa akuoneni musanayambe maantibayotiki chifukwa amabisa tizilombo pa zoyeza. Ndipo mukamva kuti khu, ululu woopsa, mwendo wafupika kapena wapotoka ndipo sukupondeka, ndiye kuti kampira kaja kaguluka, asakukokeni kunyumba, akunyamuleni.

Ngati zimenezi palibe, kutupa kwa madzulo kumene m'mawa kumakhala kutaphwa ndi kwa masiku onse, kumatha kukhala miyezi ingapo. Masana muzigona chagada kwa mphindi 30 mwendo uli pa mapilo, muzigwedeza phazi kumwamba ndi pansi ngati mukupalasa makina osokera, ngati muli ndi filiji kulungani ayisi m'kansalu muike kwa mphindi 15 kapena 20. Zothowa ndi madzi owira zija samalani nazo, khungu la pafupi ndi chipsera limakhala ladzanzi ndiye mutha kupsa osamva. Zotemera mphini pamwendo umenewo ayi ndithu, ndikudziwa abale amabwera nazo ndi mtima wabwino koma kabala kalikonse kakuda ndi khomo la tizilombo, ndipo tizilombo tikakhazikika pachitsulo nthawi zina mankhwala okha sakwanira, amachita kutsegulanso.

Pa ndodo ine maganizo anga ndi oti musaitaye chifukwa cha manyazi kapena mawu a apongozi. Kuyenda mowongoka ndi ndodo kuli bwino kuposa kuyenda mopendekeka opanda ndodo, chifukwa thupi limaloweza kutsimphinako ndipo msana ndi bondo zimayamba kudandaula nazonso. Muziigwira ndi dzanja la mbali yabwino, osati mbali ya opareshoni, ambiri amalakwitsa pamenepa chifukwa zimaoneka ngati zosemphana. Ndodo ndi mwendo wa opareshoni zizipita kutsogolo limodzi. Pokwera masitepe muyambe ndi mwendo wabwino, potsika muyambe ndi wa opareshoni. Mudzayamba kuisiya m'nyumba kaye, tsiku lina mudzangozindikira kuti mwafika kukhitchini mwaiiwala kuchipinda, panja ndi pamsika izikhala yomaliza makamaka nyengo ya mvula poti dothi la ku Zomba likanyowa ndi sopo weniweni.

Mafizo ndiye mankhwala anu enieni panopa, ndipo kuyenda kokha sikukwanira kudzutsa minofu ya m'mbali ija. Imani mutagwira tebulo, tsegulani mwendo kupita kumbali pang'onopang'ono zala zikuloza kutsogolo thupi lisapendekeke, bwezani. Gonani chagada mawondo opinda, finyani matako ndi kunyamula chiuno. Khalani pa mpando wautali, dzukani, khalaninso, osadzigwetsa. Pang'onopang'ono koma kawiri katatu pa tsiku, osati kusiya sabata yonse kenako Loweruka n'kudzipha nazo. Ululu umene ukubwera pochita n'kutha pakapita maola ochepa ndi wovomerezeka, koma mukadzuka mawa lake mwendo ukukana ndiye kuti munaonjeza, bwererani m'mbuyo pang'ono. Ngati munasiya kupita kwa a fizo chifukwa cha thiransipoti yesetsani olo kamodzi pa mwezi akuoneni mmene mukuyendera n'kukusinthirani masewerowo, a sabata yoyamba aja pano akuchepera. Zipatala zazikulu zaboma zili ndi a fizo, ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre.

Chimene mapepala ochokera kunja satiuza ndi choti moyo wathu wonse uli pansi. Chimbudzi chonjuta, mkeka, mbaula, beseni lochapira, tsache lalifupi, kugwada popereka moni kwa akulu, kukhala pansi miyendo yotambasula pa maliro tsiku lonse. Madokotala ambiri, makamaka akatsegulira kumbuyo kwa thako, amaletsa kwa masabata 6 mpaka 12 kupinda chiuno mopitirira mmene chimakhalira pa mpando wowongoka, kupingasa miyendo ndi kupotolera phazi mkati. Inu muli kumapeto kwa nthawi imeneyo koma musadzimasule nokha, tsiku la riviyu mukafunse mwatchutchutchu, kunjuta ndiyambe liti kapena ndisadzayambenso, kugwada ku tchalitchi bwanji, kugonera mbali ya opareshoni bwanji, za m'banja bwanji. Funsani ndithu musachite manyazi, mafunso amenewo amawamva tsiku ndi tsiku, ndipo yankho limatengera mmene anakutsegulirani ndi mtundu wa chitsulo chomwe anaika. Pakadali pano kalipentala aliyense akhoza kukukhomerani mpando wolimba wobowola pakati woika pa chimbudzi, wautali kuti mawondo azikhala m'munsi mwa chiuno mukakhala. Mbaula ikwere pa tebulo kapena pa njerwa, tsache likhale la mpini wautali, sofa yobira ija muisiyire alendo. Ku maliro nyamulani mpando wanu, olankhula alankhule. Kabaza ndi njinga yamoto dikirani kaye, ndipo mu minibasi pemphani mpando wakutsogolo.

Kutopa kwanuko kukundikayikitsa pang'ono kuti mwina magazi ndi ochepa. Opareshoni ya chiuno imataya magazi ndithu ndipo thupi limatenga nthawi kuti libweze, makamaka kwa ife amayi amene ambiri timapita ku fiyeta magazi ali kale ochepa. Pemphani akuyezeni, ndi zachangu, ngati achepa akupatsani mapilitsi a ayironi. Mbale yanu izikhala ndi zomanga thupi, mazira, usipa, nyemba, soya, chiwindi mukachipeza, bonongwe ndi chisoso, minofu siimangidwa ndi phala ndi tiyi. Ngati muli ndi shuga kapena muli pa ma ARV musadumphitse. Mankhwala a ululu musawaope mpaka kulephera kuchita mafizo, panado musanayambe masewero amathandiza, koma bulufeni ndi dikilofenaki wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amakanda m'mimba ndi kuvutitsa impso, amenewo adokotala adziwe.

Zolira usikuzo sindikuzipeputsa. Munthu wozolowera kuima kutsogolo kwa ana tsiku lonse, wozolowera kutumikira ena, lero akuchita kupempha mwana kuti amuveke sokosi, ndipo pamwamba pake pali puloti ija imene mukaiganizira mumaona ngati muli ndi ngongole ndi banja lonse yoti muchire msanga. Ambiri amagwa mphwayi cha pa mwezi wachiwiri ndi wachitatu chifukwa alendo asiya kubwera, kusintha kwachepa liwiro, tsiku la lero likungofanana ndi dzulo. Tengani kope la sukulu, Lamlungu lililonse lembani zinthu zitatu zokha, mwayenda mpaka pati, mwamwa mapilitsi a ululu angati pa tsiku, ndi chinthu chiti chomwe mwachita nokha chimene sabata yatha mumachita kuthandizidwa. Muziwerenga za mwezi wathunthu osati za dzulo. Mukaona kuti padutsa mwezi kapena kuposa palibe chasuntha olo pang'ono, kopelo ndi lomwe mupite nalo kwa adokotala, likuyankhulirani bwino kuposa kungoti sindikupeza bwino. Koma kulirako kukafika poti chakudya sichikulowa, tulo palibe masiku ambiri, simukufuna kuona munthu, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kubwera, uzani adokotala kapena munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, amenewo ndi matenda paokha ndipo ali ndi chithandizo.

Apongozi musalimbane nawo nokha, imeneyo ndi ntchito ya bambo a kunyumba. Pa riviyu yotsatira apite nanu alowe nawo m'chipinda amve ndi makutu awo adokotala akunena za chaka chathunthu, kenako akafotokozere mayi awo, mawu omwewo akachoka kwa mwana wawo amalowa. Ndipo za puloti, kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti pa ziuno 100 zoikidwa, pafupifupi 58 zimakhala zikugwirabe ntchito patatha zaka 25, ndiye zomwe munagulazo si za miyezi itatu ino.

Za kubwerera ku ntchito simunafunse koma ndikudziwa zili m'mutu. Uphunzitsi si ntchito ya pa desiki, ndi yoimirira komanso yowerama pochonga makope, ndiye mukamadzabwerera kambiranani ndi a hedi mutanyamula kalata ya dokotala, akupatseni kalasi ya pafupi yopanda masitepe ambiri, mpando wautali kutsogolo, makope ana azibweretsa pa tebulo, ndipo teremu yoyambayo za masewero ndi zoyang'anira ana posesa akupumitseni kaye. Mundilemberenso mukabwerako ku riviyu, makamaka zotsatira za magazizo.