Funsani Azakhali: Ndikufuna kukakonzetsa mphuno ku Turkey

Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 26 wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Ndimapikula mbatatesi ku Tsangano n'kumakagulitsa mumzinda wa Tete. Chiyambire kusukulu anzanga ankandiseka kuti mphuno yanga ndi yophwatalala, moti mpaka pano ndimathawa zithunzi. Ndasunga ndalama ndithu. Pa Instagram ndapeza mayi wina amene amatengera anthu ku Istanbul kukakonzetsa mphuno. Akuti mtengo wake ndi wa zonse, opaleshoni, hotelo ndi womasulira, ndipo pakatha sabata imodzi ndidzakhala nditabwerako. Akufuna ndiyambe ndatumiza theka pa M-Pesa. Amayi anga akuti ndikunyoza Chauta. Mnzanga wina akuti ndisavutike, pali saluni ina ku Tete komwe amabaya jakisoni wokweza mphuno. Ndichite chiyani? — Wosowa mtendere, Ulongwe

Mwana wanga, ndalama usatumize kaye. Za jakisoni wa ku saluniyo ndiye usayerekeze n'komwe. Mitsempha ya magazi ya pamphuno imalumikizana ndi ya m'maso, ndipo mankhwala aja akalowa mumtsempha khungu limafa n'kuda, ena mpaka amachita khungu osaonanso. Ngakhale madokotala ophunzira amabaya pamenepo mwamantha. Nanga wopanga tsitsi?

Sindikudzudzula chifukwa chofuna kusintha nkhope yako. Nkhope ndi yako, ndalama unazikhetsera thukuta pamsewu wa Tsangano uja, ndipo mawu a ana asukulu amabaya mpaka munthu kukula. Chimene chandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "sabata imodzi". Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo ndikuuze kuti sabata imodziyo ndi nthawi yochotsera kachitsulo kapena kapulasitiki kochirikiza mphuno basi. Mikwingwirima ya m'maso imatha pakapita masabata awiri, koma kutupa kwa m'kati kumaphwa pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, ndipo kwa ife a khungu lochindikala nsonga ya mphuno imatha kupitirira pamenepo. Miyezi yonseyo udzakhala uli kuno, dokotala wako ali ku Istanbul. Tayerekeza usiku wina ku Ulongwe kamfuno wayamba osaleka, kapena pabala payamba kutuluka mafinya. Chipatala cha kwanu chidzakuthandiza kuletsa magazi ndi kukupatsa mankhwala, koma sadzadziwa kuti m'katimo anadula pati, anaikamo chiyani. Mayi wa pa Instagram uja pamenepo adzakhala atalandira kale zake.

Dziwanso kuti mphuno zathu sizikonzedwa mofanana ndi za Azungu kapena Aluya. Ambiri amene amapita ku Turkey amakachepetsa mphuno yaitali ya kalinunda pamwamba, ndiye dokotala amapala fupa. Kwa iwe ntchito yake ndi yowonjezera. Msana wa mphuno umafunika kukwezedwa, nsonga kuchirikizidwa chifukwa fupa lathu lofewa la pamenepo ndi lopanda mphamvu kwenikweni, ndipo mwina kudula pang'ono m'mbali mwa mabowo kuti achepe. Chokwezeracho amachitenga pa khoma lapakati pa mphuno, kukhutu, kapena panthiti, zomwe zikutanthauza bala lachiwiri pachifuwa. Ena pofuna kufulumira amaika silikoni (kachinthu kofewa konga labala), koma silikoni imatha kusuntha, kuyambitsa mafinya, mwinanso kuboola khungu patapita zaka. Dokotala wosazolowera nkhope za anthu akuda amatha kuchepetsa mabowo mopitirira, munthu n'kumapuma movutika, mphuno n'kuoneka ngati yobwereka. Mabowo akadulidwa mopyola, kuwabwezera n'kovuta kwambiri, ndipo opaleshoni yachiwiri imakhala yokwera mtengo kuposa yoyamba. Yang'ananso thupi lako: ngati pomwe unaboola makutu kapena pa mphini panatuluka chipsera chotupa cholimba chija, uyenera kumuuza dokotala asanakukhudze.

Sikuti ku Turkey kulibe akatswiri, alipo ambiri. Vuto ndi loti iwe ukulankhula ndi wamalonda, dokotala sunamuone. Mufunse mayiyo dzina lonse la dokotala, chipatala chimene amachitirako opaleshoni, ndi amene adzakupatse mankhwala ogonetsa pa opaleshoniyo. Pempha kulankhula ndi dokotalayo pa vidiyo, akuonetse zithunzi za anthu akuda amene anawakonza, zojambulidwa patatha chaka, osati za tsiku lomwelo ali pabedi. Mufunse kuti zikalakwika adzakonzanso ndi ndalama za ndani, tikiti adzalipira ndani. Akayamba kuzemba kapena kukufulumizitsa kuti mtengo ukwera mawa, mutaye.

Ukanakhala mwana wanga wobereka ndekha, ndikanakuuza kuti uyambe wayang'ana ku South Africa. Ndi pafupi, nzika ya Mozambique imalowa popanda visa kwa masiku 30, ndipo ukhoza kubwererako kukaonedwa pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi osagulitsa katundu. Dzina la dokotala aliyense wa kumeneko ukhoza kulifufuza pa intaneti m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala, n'kuona ngati analembetsadi ukatswiri umenewu. Ku Brazil ndi kutali komanso tikiti ndi yodula, koma kuli ubwino uwiri: udzalankhula Chipwitikizi ndi dokotala popanda womasulira, ndiponso kuli anthu akuda ochuluka, moti madokotala ambiri anazolowera mphuno zonga zathu. Kumeneko funsa nambala yake ya CRM (yosonyeza kuti analembetsa ngati dokotala) ndi ya RQE (yosonyeza ukatswiri wake), komanso ngati ali mu Sociedade Brasileira de Cirurgia Plástica, bungwe la madokotala a opaleshoni zotere.

Kulikonse kumene ungapite, yamba wayezetsa kuno: kuchuluka kwa magazi, BP, shuga, malungo, HIV, ndi matenda a magazi a sikoselo ngati alipo kumtundu kwanu. Aspirini, ibuprofeni ndi mankhwala azitsamba umasiya masabata awiri opaleshoni isanachitike chifukwa ena amachititsa kuti magazi asaundane msanga, ndipo fodya amachedwetsa bala kupola. Usapite wekha. Pa ndalama zako patula zoti ukakhale kumeneko masiku 10 kapena 14, ndi zina zapadera za mwadzidzidzi. Ukamachoka, tenga kalata yofotokoza zonse zimene anachita, m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Ndipo usananyamuke n'komwe, peza dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, kaya ku Tete, ku Beira, kaya ku Blantyre podzera pa Zóbuè, amene wavomera kuti adzakuona ukabwerako. Ameneyo ndiye adzakuuzenso ngati m'katimo muli chopindika chimene chimakulepheretsa kupuma, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya matenda ndipo imatheka m'zipatala zikuluzikulu za kuno komwe.

Ganiziranso za ntchito yako. Kwa mwezi ndi theka sudzanyamula thumba la mbatatesi, sudzafuna kupanikizana m'chapa (minibasi) momwe chigongono cha munthu chingakugunde, ndipo dzuwa la ku Tete la mu Okutobala pamodzi ndi fumbi la malasha la ku Moatize si zabwino kwa bala latsopano, chifukwa chipsera chimada. Ngati wasankha kupita, pita nyengo yozizira, ndipo upeze wokugwirira bizinesi.

Amayi ako usakangane nawo za Chauta. Khala nawo pansi, mwina mphuno imeneyo ndi yawo kapena ya agogo ako, ndiye zikuwapweteka kumva ukuinena. Inenso ndili ndi funso limodzi kwa iwe: kodi ndi mphuno yokha imene imakusowetsa mtendere, kapena ukayang'ana pagalasi umapezanso milomo, khungu, masaya? Ngati umatha maola pagalasi, kapena umalephera kupita kumaliro ndi kuukwati chifukwa cha nkhope, onana kaye ndi mlangizi wa zamaganizo pa chipatala chachikulu cha Tete, chifukwa anthu otere kawirikawiri sakhutira ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Ukapeza dzina la dokotala uja, undilemberenso tidzaone limodzi.