Kasukulu ka ana 161 kamene anthu a ku Indiana sakaiwala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu kuno amene anasamuka ku South Bend n'kukakhala m'katauni kakang'ono kum'mwera kwa Indiana, ku America. Akuti mnyamata wawo amutenga m'timu ya basketball ya pasukulu, ndipo chiyambireni anthu oyandikana nawo sakuwapatsa mpata. Aliyense akungowauza za "Milan" ndi "1954". Funso lawo linali lakuti: "Kodi sukulu ya kumudzi ngati imeneyi, holo ya masewero yaikulu kuposa tchalitchi n'njachiyani? Ine mwana ndinamutumiza kukaphunzira. Nanga chimene amati school district n'chiyani kwenikweni?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene likutsegula loyambalo.

Kwathu tinazolowera kuti sukulu ya boma ndi ya Unduna, aphunzitsi amachita kutumizidwa, ndipo makolo amangothandiza kuumba njerwa. Kumeneko sizili choncho. Sukulu za dera limodzi zimayendetsedwa ndi bodi ya anthu a konko, ambiri ochita kusankhidwa pa voti: mlimi wa chimanga, mwini golosale, namwino. Iwowa ndi amene amalemba ntchito mkulu wa sukulu zonse za m'deralo. Ku Indiana dera lotere amalitchula kuti school corporation. Ndalama zambiri za malipiro zimachokera ku boma la Indiana, koma nyumba za sukulu ndi mabasi achikasu aja zimadalira msonkho wa nyumba ndi minda ya anthu a m'deralo. Ndiye munthu akamati "sukulu yathu", akunenadi zoona, thukuta lake lili pamenepo.

Tsopano za Milan. Ndi katauni ka m'chigawo cha Ripley, kum'mwera chakum'mawa kwa Indiana. Mu 1954 munali anthu ongopitirira pang'ono 1,000, ndipo sekondale yake inali ndi ana 161 basi. Nthawi imeneyo mpikisano wa basketball unali umodzi m'Indiana monse. Sukulu ya mumzinda ya ana zikwi ndi kasukulu ka pakati pa minda zinkalimbirana chikho chimodzi, wogonja n'kumatuluka. Chaka chimenecho munalowa sukulu zoposa 750.

Mphunzitsi wa timu anali Marvin Wood, mnyamata wa zaka 26. Anabwera mu 1952 atachotsedwa amene analipo, ndipo mlandu wake unali wogula mayunifolomu atsopano popanda chilolezo cha akuluakulu a sukulu. Mwaona mmene bodi ya kumudzi imawerengera kobiri iliyonse? Wood ankadziwa kuti anyamata ake ndi aafupi, choncho anawaphunzitsa kusunga mpira, kuupatsirana modekha mpaka anzawo atope ndi kuuthamangira. Mu 1953 anafika m'matimu anayi omaliza. Mu 1954 anafika mu fainolo.

Linali tsiku la 20 March, mu holo ya Butler Fieldhouse mumzinda wa Indianapolis, ndipo ankakumana ndi Muncie Central, sukulu ya ana oposa 1,600 imene inali itatenga kale chikhochi kangapo. Kanema wake wakuda ndi woyera alipo pa intaneti, ndipo ine ndamuonera kambirimbiri. M'chigawo chomaliza Milan inali m'mbuyo ndi mapointi awiri, 28 kwa 26. Apo mnyamata wotchedwa Bobby Plump, wa ku kamudzi ka Pierceville, anangoima pakati pa bwalo mpira uli m'khwapa. Osadunda, osaponya, kungoima chilili kwa mphindi zoposa zinayi, khamu lonse likukuwa. Masiku amenewo kunalibe lamulo lokakamiza kuponya msanga. Tangoganizani mtima wa mwana wa sekondale, timu yake ikugonja, iye n'kumadikira chifukwa mphunzitsi wanena kuti dikira. Kenaka zinafanana 30 kwa 30. Kutatsala masekondi 18 anapempha kupuma pang'ono, anzake onse n'kupatukira mbali imodzi kuti amusiyire malo. Plump anadunda mpira, n'kudumpha, n'kuponya. Unalowa. Milan 32, Muncie Central 30.

M'mawa mwake anthu pafupifupi 40,000 anakhamukira ku Milan, magalimoto atandandalika mumsewu mtunda wautali. Mpaka lero pa thanki ya madzi ya tauniyo palembedwa za chikho cha 1954, ndipo pali kanyumba kosungiramo zinthu za timuyo. Filimu ya Hoosiers ya mu 1986 inachokera pa nkhani yomweyi, ngakhale anasintha zambiri.

Pali china chimene oyandikana nanu mwina sanakuuzeni, koma inu ndi mwana wanu muyenera kuchidziwa. Popita ku fainolo, Milan inagonjetsa Crispus Attucks, sukulu ya ana akuda okhaokha ya ku Indianapolis, nthawi ya tsankho. M'timu ya Attucks munali Oscar Robertson akadali wamng'ono, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wotchuka wa basketball. Chaka chotsatira, 1955, Attucks inatenga chikho, ndipo inatenganso mu 1956 osagonja ndi kamodzi komwe. Mwana wanu akamamva za Plump, amvenso za amenewa.

Chimene chimachititsa kuti 1954 ikhale yowawa kukoma ndi zimene zinatsatira. Mu 1959 boma la Indiana linakhazikitsa lamulo lophatikiza madera a sukulu ang'onoang'ono. Cholinga chinali chabwino: kasukulu ka ana 60 sikangakhale ndi labotale kapena mphunzitsi wa sayansi wakewake. Koma matauni ambiri anataya sekondale zawo, ndipo dzina la mudzi linachoka pa malaya a timu. Mu Ripley momwemo muli sukulu yotchedwa Jac-Cen-Del, dzina losokedwa kuchokera ku madera atatu: Jackson, Center ndi Delaware. Sukulu ya tauni ya Versailles inalowa mu ina yotchedwa South Ripley. Milan inasunga sukulu yake ndi dzina lake. Pamene sitolo zikutsekedwa ndipo achinyamata akuthawira m'mizinda, holo ya masewero ngati ija munafunsa ndi malo amene agogo, makolo ndi ana amakumanabe Lachisanu usiku m'nyengo yozizira. Anaimanga yaikulu chifukwa ankawerengera mudzi wonse ndi alendo omwe.

Kuyambira nyengo ya 1997 mpaka 1998, mpikisano unagawidwa m'magulu anayi potengera kukula kwa sukulu. Plump anatsutsa zimenezi poyera. Ine ndimaona kuti kwa ana n'chilungamo, chifukwa kwa zaka zoposa 40 palibe kasukulu kena kakang'ono ngati Milan kamene kanatenganso chikho. Komabe ndimawamvetsa akuluakulu amene amadandaula. Mwana wanu sadzakumana ndi sukulu yaikulu mu fainolo ngati mmene anachitira Plump.

Nkhawa yanu ya maphunziro ndi yomveka, ndipo musaisiye. Bungwe loyendetsa masewero a sekondale, IHSAA, sililola mwana kusewera ngati sakukhoza maphunziro okwanira, choncho funsani mphunzitsi wa timu kuti azikuonetsani mmene mnyamatayo akuchitira m'kalasi. Misonkhano ya bodi ya sukulu ndi yotsegukira aliyense, ndipo inunso muli ndi ufulu wokakhalapo. Munandiuza kuti mumagwira ntchito usiku. Yesetsani kusinthana ndi mnzanu Lachisanu limodzi lokha, mukakhale mbali ya timu ya kwanuko pafupi ndi agogo ovala majekete a mtundu wa sukuluyo. Mwana wanu akalowa m'bwalo, muwauze kuti ndi wanu uyo.