Ndalama zonse zisathere ku maphunziro

Mayi wina amene amayendetsa kabungwe kothandiza ana ku Namwera wandilembera imelo. Akuti apeza thandizo la ndalama la zaka ziwiri, ndipo akufuna kuyamba kutsata njira zomwe kafukufuku anatsimikiza kuti zimathandizadi ana ovutika maganizo. Funso lawo ndi lakuti: ndalamazi tizigawe bwanji?

Mayi, ndiyambe ndi chomwe chimandiwawa mtima. Ndaonapo mabajeti omwe ndalama zambiri zimathera pa maphunziro a sabata imodzi kuloji ya m'mbali mwa nyanja: malawansi, chakudya, holo. Anthu amabwerako ndi masatifiketi, koma pakatha miyezi itatu zonse zazilala. Si ulesi ayi. Palibe amene anapita kukawaona akucheza ndi mwana weniweni n'kuwakonza pomwe akulakwitsa.

Nzeru zake si zodula. Malangizo a mhGAP (otsogolera azaumoyo omwe si akatswiri a matenda a maganizo pothandiza anthu ovutika maganizo), omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2010 n'kuwakonzanso mu 2016, ali ndi gawo la ana ndi achinyamata, ndipo ndi aulere pa intaneti. Chodula ndi kuyendera. Namwino wa matenda a maganizo achoke pa boma mwezi uliwonse, akwere phiri kudzafika kwanuko, akhale pansi ndi alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi. Pamenepo pafunika mafuta, chakudya chamasana, mayunitsi a foni. Ndikanakhala ine, gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo ndikanalisungira zimenezi, ndipo sindikanalola kuti likhudzidwe. Ngati mudzafike mpaka ku Makanjira, werengerani kuti nthawi ya mvula ulendo wake umadula kwambiri.

Ikaninso ndalama yomasulira zonse m'Chiyao n'kuziyesa kaye ndi makolo. Mayi wa ku Namwera safotokoza mavuto a mwana wake m'mawu a m'buku.

Phunzitsani anthu awiri pamalo alionse, chifukwa ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa.

Musaiwale zomwe zinachitika mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Bajeti yolembedwa chaka chimenecho inasanduka pepala chabe. Siyani kandalama kapadera, ndipo mugwirizane ndi okuthandizaniwo kuti muziunikanso mitengo chaka chilichonse.

Kuno kunyanja malungo ndi ochuluka, ndipo ana ena amene anachira malungo a muubongo amatsala ndi khunyu kapena khalidwe losintha. Amenewa kucheza kokha sikuwakwanira. Pafunika thiransipoti ya mwana ndi womuyang'anira kupita kuchipatala cha boma, mwinanso mpaka ku Zomba Mental Hospital.

Nanga zaka ziwirizo zikatha? Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Pitani msanga ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Mangochi, mapulani a chaka chamawa asanatsekedwe, mukapemphe kuti maulendo a namwino aja alowemo. Mupite chaka choyamba chomwechi, mutanyamula kaundula woonetsa ana angati mwawaona ndi angati abwerera kusukulu.